Malungo a Trywell

"Kodi mtengo wa mango uja unalakwa chiyani?"

Anafunsa ndi Melody, atakhala pa chitsa, miyendo ataipinda m'chitenje. Amayi ake, a Idesi, anapitiriza kuswa nshawa ngati funsolo lagwera pa mulu wa makoko. Philomena, mkulu wake wa Melody, anali kutsuka mbale pafupi ndi thandala, ndipo mbale imene inali m'manja mwake anaitsuka kawiri.

Mtengowo unadulidwa tsiku la maliro a Trywell, mlongo wawo. Analamula ndi amalume awo, a Zangaphee, ati pamaliro pakufunika nkhuni. Kuseri kwa khola kunali mulu wa nkhuni zouma zimene Trywell yemweyo anatuta pa ngolo, koma palibe amene anazikumbukira. Anyamata anagwetsa mtengo wauwisi, mango ali lendelende otsala pang'ono kupsa, nausonkha wonse mpaka timphanda take. Utsi wake unaliza ngakhale anthu amene Trywell sankamudziwa. M'mudzi wa Pembamoyo ngakhale mwana amadziwa mtengo umene umatenthedwa wauwisi pamaliro, ndiponso chifukwa chake. Choncho anthu anapukuta m'maso, nayamikira a Zangaphee kuti anaganiza msanga za nkhuni.

Kumanda, monga mwa mwambo, munthu wa kubanja amaimirira kufotokozera anthu momwe malemu anadwalira. A Zangaphee anavula chipewa nafotokoza mwadongosolo: mutu, kuphwanya kwa thupi, ulendo wa ku kiliniki. "Malungo, abale anga. Malungo a chaka chino alibe ulemu." Khamu linavomera ndi kubuula. Mawu amenewo ndi amene anatsegula chitseko cha tchalitchi. Pampingo wawo munthu wodzipha saimbiridwa nyimbo, bokosi lake sililowa m'nyumba ya Mulungu, ndipo gulu la amayi silivala mabulauzi ake oyera. Wa malungo amalandira zonsezo. Trywell anaimbiridwa ndi makwaya awiri, ndipo a Idesi anayenda pakati pa anzawo a zoyera, wina atawagwira mkono uwu, wina mkono uwo.

Bodzalo linali ndi kachoonadi kake, monga alili mabodza onse okhalitsa. Ku kiliniki Trywell anapitadi, ndipo anamuperekeza ndi Philomena. Mnyamatayo anali atasiya mpira, atasiya wailesi, akungogona masana nkhope ataloza kukhoma. Ukamufunsa ankati mutu ukulemera. M'mudzi anautcha ulesi. A Zangaphee anati, "Mupatseni munda wake ndi mkazi, muona achira." Ku kiliniki anamubaya chala, malungo sanapezeke, anabwerako ndi panado.

Amene anamupeza anali Melody, m'mawa wina akupita kukatola mango ogwa asananyamuke kupita kusukulu. A Zangaphee atafika anamugwira mapewa onse awiri, namuyang'ana m'maso. "Iwe sunaone kanthu. Wamva?" Melody anamva. Anali mwana womvera kuyambira kale.

Mvula inagwa, inatha, chimanga chinalowa m'nkhokwe. Melody anali kupitabe kusukulu, koma masiku ena ankabwerera panjira, n'kudzakhala pa chitsa mpaka dzuwa litapendeka. Chakudya ankangochitola ngati mbalame. Amayi a m'mudzi anati ndi kukula, atsikana amatero akamatha msinkhu. A Idesi anagwiritsitsa mawu amenewo ndi manja awiri.

Masana a tsiku lomwe Melody anafunsa za mtengo, kunabwera a Luisa, a nyumba yoyandikana nayo, aja makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Anabwera ndi mbale ya mbatata.

"Odi, amake Trywell! Ndati ndidzathokoze. Mwana wanuyu wapatsa wanga nsapato za kusukulu, ndi juzi yomwe. Ndinayesa waba, ndinatsala pang'ono kumuthyolera mkwapulo."

"Aa, ndi zazing'ono zimenezo," anatero a Idesi, ngakhale anali kuzimva koyamba. "Ana anga ndi opatsa. Ndi Trywell yemwe, muja anapatsira Armando wanu nsapato za mpira, nkhunda zake n'kugawira..."

Mawu anathera pomwepo. A Luisa anayang'ana mbatata zawo. Philomena anakumbukira bwino lomwe. Trywell anagawa zinthu zake sabata yomwe anamwalira. Anthu anamutama, ati mnyamatayu wayamba kuchira, taonani mtima wake wabwerera.

Philomena anamupeza Melody kuseri kwa nkhokwe.

"Nanga kusukulu uzivala chiyani?"

"Zimandithina."

"Zimakuthina? Tinagula zazikulu dala kuti ukuliremo, unkachita kuika mapepala kutsogolo. Phazi lakula liti?"

"Ingozisiyani, asisi."

"Ndi juzi yomwe ikuthina? M'nyengo yozizira ino?"

Melody anamwetulira pang'ono. Kumwetulira kumeneko Philomena anakudziwa, chifukwa anakuonapo pa nkhope ina.

M'mawa mwake anapita ku kiliniki yekha. Philomena anamaliza giredi thwelofu chaka chatha, ndipo podikira za koleji ankathandiza kumeneko masiku a sikelo, kupachika makanda ndi kutonthoza olira. Nesi wa pamenepo, a Simeoni, anali kudya chinangwa chophika pakati pa wodwala wina ndi wotsatira wake. Anamvetsera zonse osamudula.

"Philomena, tayang'ana m'kabatimo," anatero. "Ndili ndi zoyezera malungo. Ndili ndi zoyezera mimba. Zoyezera shuga zimabwera zikafuna. Choyezera chimene ukunenachi sanatitumizire, ndipo ine sanandiphunzitse mokwanira. Ndingamupatse panado, koma panadoyo iwe ndi ine tikudziwa kumene anatifikitsa."

"Ndiye ndingomuyang'ana?"

"Ayi. Usamusiye yekha, chimenecho ndiye choyamba. Chachiwiri, Lachinayi kukubwera alendo a ku Lusaka. Akulemba pulani ya dziko lonse ya umoyo wa achinyamata, ndiye akuyenda m'maboma kumva kwa eni ake. Anthu amenewa amagawa malinga ndi zimene amva. Kumene amva za kolera amatumizako mankhwala a m'madzi. Kumene amva za mimba za ana asukulu amatumizako mzamba. Kumene sanamve kanthu amatumizako moni."

"Inu simungawauze?"

A Simeoni anapukuta manja pa thalauza. "Mlongo wako ndinamuyeza ndine, ndikudziwa chimene sindinapeze. Koma kumanda analankhula a kubanja. Ine ndine mlendo kuno, wa ku Katete. Ndikanena ine, mawa amayi asiya kubweretsa ana ku katemera."

Masiku otsalawo Philomena anamamatira Melody ngati chisoso pa chitenje. Kuchitsime limodzi, kudimba limodzi. Ankayang'ananso amayi ake. Chimwalirireni Trywell, chimene chinawaimika a Idesi chinali gulu la amayi lija. Lachisanu lililonse ankasita bulauzi yawo ndi simbi ya makala, n'kupita kukayendera odwala, ndipo ankabwerako akuimba chapansipansi. Tsiku limenelo lokha ndi limene ankamaliza chakudya m'mbale. Akulu a mpingo atamva kuti anaimbitsa makwaya pa bodza, bulauziyo akanawavula, mwina ndi mgonero womwe akanawaimitsa.

Msonkhano unachitikira m'chisakasa cha sikelo. Uthenga unanena kuti akufuna achinyamata okha, koma ku Pembamoyo mlendo wochokera kutali sasiyidwa ndi ana, n'chipongwe chimenecho. Choncho a komiti ya zaumoyo anafika molawirira atavala majekete, natenga mipando ya pulasitiki kutsogolo pafupi ndi alendo. Wapampando wa komitiyo anali a Zangaphee. Achinyamata anapanikizana pa mabenchi kumbuyo.

Wotsogolera alendowo anali mayi wachitsikana dzina lake Prudence, wovala nsapato zothamangira ndi chitenje chomangidwa mosazolowera. Pemphero litatha anayang'ana mipando ija, nakanda kumutu.

"Mwina makolo angatipatseko kampata pang'ono, tichezeko ndi anzathuwa."

"Kampata kali pomwepa, mayi, lankhulani," anatero a Zangaphee mokoma mtima. "Ana awa ndi athu. Satibisa kanthu."

Prudence anameza mate, natembenukira ku mabenchi. "Chabwino. Mukambe chabe, osayopa."

Chinyanja chake cha ku Lusaka chinaseketsa anyamata. Wina kumbuyo anabwereza ndi mawu aang'ono, "Osayopa!" ndipo benchi yonse inagwedezeka. Atafunsa chimene chimavutitsa achinyamata kuno, Eneya, goloboyi wa timu ya m'mudzi, anaimika dzanja.

"Netiweki, madamu. Kuti uyankhule ndi chibwenzi uyenera kukwera pachulu, mudzi wonse n'kumamvera nawo."

"Chibwenzi chake chiti, iwe? Amakuimbira ndi amako okha!" anatero mtsikana wina, ndipo ngakhale a komiti anaseka.

Zinayenda bwino ndithu. Ananena za kutalika kwa sekondale, za kachasu wa m'timabotolo, za atsikana osiya sukulu. Mnzake wa Prudence anali kulemba osatukula mutu. Kenako Prudence anatsitsa mawu.

"Nanga za mumtima? Kukhala wosasangalala nthawi yaitali, kusowa tulo, kuona ngati moyo ulibe ntchito. Alipo achinyamata kuno amene anafika pochotsa moyo wawo?"

Kunja kunamveka mbuzi ikutsokomola. Eneya anayamba kumasula chingwe cha nsapato yake n'kumanganso. Armando, mwana wa a Luisa uja, anaika nkhope m'manja.

"Zimenezo kuno kulibe, mayi," anayankha a Zangaphee. "Timazimva pa wailesi, za ku tauni. Ana athu amalima, akatopa amagona. Chimene chikutimaliza kuno ndi malungo. Mukatikumbukire pa maneti."

A komiti anavomera ndi mitu. Wolemba uja analemba. Prudence anayang'anabe ku mabenchi kanthawi, kenako anatembenuza pepala kuti apite ku funso lina.

Philomena anaimirira asanaganize kuti waimirira. Maso a amalume ake atamugwera, mawondo anapinda okha, nagwada pa simenti, pakuti miyendo yake inaphunzira zimenezo pakamwa pasanaphunzire kanthu. Analankhula chogwada chomwecho.

"Pepani, akuluakulu. Pepani, amalume. Mlongo wanga Trywell sanafe ndi malungo. Anadwala miyezi yambiri matenda amene mayiwa akunenawa, ife n'kumati ulesi. Anadzipha."

Liwulo linali lisanatchulidwepo mokweza m'mudzimo, ndipo linamveka laling'ono kuposa momwe iye ankayembekezera. Palibe amene anagwa, denga silinasunthe.

"N'zoona," anatero Armando, nkhope ikadali m'manja. "Nsapato zake ndili nazo. Sindinazivalepo."

Mtsikana wina, amene anabwera kudzakhala kwa azakhali ake kuchokera ku Zingalume, analankhula akuyang'ana pansi. "Kwathunso anadula mtengo chaka chatha. Anati mphenzi."

A Zangaphee anatola chipewa chawo pa bondo, nachivala bwinobwino, natuluka osatsanzika alendo. Zoterozo anali asanachitepo chibadwire.

Msonkhano utatha Prudence anamutengera Philomena kuseri kwa galimoto. Anamugwira dzanja, namuthokoza, nati zimene wanenazi zikalowa mu lipoti, ndipo zidzathandiza kuti maboma ngati Chadiza apatsidwe alangizi a za maganizo.

"Abwera liti mlangiziyo?"

Prudence anamuyang'ana m'maso. "Ndisakunamize, mng'ono wanga. Tikamaliza maboma onse tikalemba, akuluakulu akawerenga, kenako aone za bajeti. Mwina chaka chamawa. Mwina chinacho."

Philomena anayang'ana matayala a galimotoyo, aakulu, odzaza fumbi la kwawo. Anali atavula amayi ake pagulu chifukwa cha chaka chamawa, mwina chinacho.

"Mng'ono wanga ndi amene anamupeza," anatero. "Anamuuza kuti sanaone kanthu. Sabata ino wagawa nsapato zake ndi juzi."

Nkhope ya Prudence inasintha. Mawu a mu ofesi aja anatha. "Ameneyo asadikire pulani. Mupite naye ku Chipata, ku chipatala chachikulu, kuli anthu odziwa zimenezi. Mawa ngati n'kotheka. Koma ndi mwana, afunika apite ndi kholo, ndipo khololo likanene zonse momwe zinachitikira. Akakanena za malungo, nayenso akamuyeza malungo."

Nkhani ilibe njinga koma inafika kunyumba Philomena asanafike. Anapeza a Zangaphee atakhala pa mpando wa ndalema pabwalo. Amayi ake anali pakhonde, manja ali pa miyendo opanda chogwira, zimene Philomena sanazionepo dzuwa likadali kumwamba. Melody anaima pakhomo, theka mkati, theka kunja.

"Wabwera mphunzitsi wathu," anatero a Zangaphee. "Khala pansi utiphunzitse. Giredi thwelofu ija ndi imeneyi? Kuyanika za m'nyumba pamsewu, pamaso pa anthu oti mawa aiwala ndi dzina la mudzi uno?"

"Amalume..."

"Ndikulankhula! Mlembi wa mpingo wadutsa kale pano. Loweruka akuwafuna amako. Ukudziwa chimene akawachite? Iwe ukuyesa ine ndinanama chifukwa bodza limanditsekemera? Ndine mkulu wa komiti ine, ndinaima pamanda chipewa chili m'manja." Anakhosomola. "Mwana uja ndinamutsitsa mumtengo muja ndine, ndi manja awa. Ndinamuphunzitsa kumanga ng'ombe pa goli ndine. Ndimafuna aikidwe ngati munthu. Ndimafuna mlongo wangayu alire mwana wake anzake atamuzungulira, osati yekha ngati galu. Chimenecho ndi chimene ndinalakwa?"

Philomena sanali kuona kuti amalume akewo analakwa kwenikweni. Anali kungoona mapazi a Melody pakhomopo, opanda nsapato, otuwa ndi kuzizira.

"Loweruka upita nawo," anapitiriza a Zangaphee. "Ukagwada monga unagwadira lero, ukanene kuti chisoni chinakusokoneza mutu. Anthu akufuna kukhulupirira, ingowapatsa poti agwire."

Philomena anasendera pafupi ndi khonde, nalankhula ndi amayi ake okha. Anawauza za Chipata, ndi zoti pafunika kholo, ndi zoti khololo likanene zonse. "Amayi, Trywell anagawa nkhunda Lolemba. Mukudziwa tsiku limene tinamuika. Uyu wagawa nsapato."

A Idesi sanamuyang'ane. Anali kuyang'ana kutsogolo, kumene kunalibe kanthu koma khola ndi munda wokololedwa.

"Ndinamuona, amayi."

Onse anatembenuka. Melody analankhula mosakweza, ngati akunena kuti madzi atha mu ndowa.

"Amalume anati sindinaone kanthu, ndiye ndimayesetsa. Koma ndimamuonabe. M'kalasi, kuchitsime. Ndatopa nako kuyesetsa."

A Zangaphee anavula chipewa nayamba kuchizunguliza m'manja. Ng'ombe za a Luisa zinadutsa kumsewu zikubwerera ku khola, belu la yotsogola likulira, ndipo onse anamvetsera belulo mpaka linazimirira.

A Idesi anadzuka pang'onopang'ono, atagwira mzati wa khonde. Anapita pakhomo, naika dzanja pamutu pa Melody, nalisiya pomwepo. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achimwene, a mpingo muwauze adikire. Mawa m'mawa mubwere ndi njinga, mupemphenso ya Armando, mutifikitse ku boma. Ine ndi Melody tikukwera minibasi ya ku Chipata."

Philomena anadzuka msanga. "Ndikalongedze zathu, amayi. Ine ndi amene ndamva bwino kumene tikafikire, ndiponso..."

"Ulongedze za anthu awiri," anatero a Idesi, osamuyang'anabe. "Iwe utsala."